Musadumphe Mawu, Ana Anga

Ana anga, kawerengedwe kanu ka masiku ano kakundidetsa nkhawa. Mukakumana ndi mawu a Chingerezi amene simukuwadziwa, mumangowadumpha, n'kumati tanthauzo lidziwika kutsogolo. Silidziwika ayi. Mawu amene mwawadumpha lero mudzawapeza akukudikirani m'chipinda cha mayeso, ndipo kumeneko kulibe womufunsa.

Mukudziwa kuti satifiketi ya MSCE sibwera ngati Chingerezi mwalephera, ndipo kuyunivesite amafuna kirediti ya phunziro limeneli. Komanso mafunso a sayansi, ulimi ndi mbiri yakale amabwera m'Chingerezi chomwecho. Funso likati "compare", likufuna muyerekezere zinthu ziwiri. Inu mukangofotokoza chimodzi, malikisi apita, ngakhale nkhaniyo mukuidziwa bwino.

Tsono imani pamene mwakakamira. Werenganinso chiganizo chonse, muyambe mwaganiza nokha zimene mawuwo angatanthauze, kenako tsegulani dikishonale mutsimikize. Musathamangire tanthauzo loyamba, chifukwa mawu amodzi amasenza matanthauzo angapo. "Charge" wa batire la foni si "charge" wa kukhoti, ndipo si wa wogulitsa amene akukutchulirani mtengo. Werengani matanthauzo onse pamodzi ndi zitsanzo zake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Khalani ndi kope la mawu okhaokha. Lembani mawuwo, chiganizo chimene mwawapezamo, ndi chiganizo chanuchanu chonena za kwanu, za kumunda, za kumsika. Mukatero, yesani kufotokozera agogo anu tanthauzolo m'Chichewa. Mukalephera, ndiye kuti simunawamvetse, mwangowaloweza. Musanyoze chinenero chanu poganiza kuti Chingerezi chikula msanga, pakuti nzeru zomvetsera chinenero cha eni zimachokera m'chimene munayamwa. Chichewa chomwecho chidzakuonetsani pamene mumapunthwa. Ife timati "ndibwereke cholembera", n'chifukwa chake ambiri amati "borrow me", pamene wopereka amachita "lend" ndipo wolandira ndiye amachita "borrow".

Phunziraninso kusenda mawu aatali, musamawaope. Ambiri mwa iwo anachokera ku Chilatini, Chigiriki ndi Chifalansa, ndipo amayenda m'mabanja. Tsinde lakuti "port" linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kunyamula. Mukalidziwa, "transport", "import", "export" ndi "portable" sakhalanso alendo. Kachidutswa kakuti "mis-" kakakhala kutsogolo, nthawi zambiri pali cholakwika: "mislead" ndi kusocheretsa, "misuse" ndi kugwiritsa ntchito molakwika. Tsinde limodzi limakupatsani mawu ambirimbiri, ngati phata la chinangwa.

Funsani, musachite manyazi. Safunsa anadya phula. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa pasukulu chifukwa chosowa fizi, sanakhale pansi kudandaula. Ankapita kulaibulale yaing'ono ya kwawoko, Chingerezi chikumuvuta, n'kumafananiza mawu ndi zithunzi mpaka kumvetsa. Buku la Using Energy, limene linamupatsa nzeru yopanga makina amphepo opangira magetsi, analiona atawerama kuti atenge dikishonale. Akanachita ulesi ndi mawu amodzi, bukulo likanamupitirira.

Inu muli ndi zambiri kuposa zimene iye anali nazo. Nthambi za National Library Service zilipo m'mizinda yathu. Nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times zimatuluka, ndipo ngakhale yakale imene akulungira zinthu kumsika ili ndi mawu oti muphunzire. Foni imene mumachezera usiku wonse pa Facebook ikhoza kusunga dikishonale yathunthu. Bandulo yomwe mumathera pa miseche, patulaniko pang'ono.

Chinanso ndikuchenjezeni. Musatole mawu akuluakulu kuti anzanu akuopeni. Kalata yofunsira ntchito yodzaza ndi mawu oikidwa pamalo polakwika imachititsa manyazi kuposa yolembedwa mophweka. Wodziwa Chingerezi ndi amene amasankha mawu oyenera pamalo pake, womvera n'kumva bwinobwino.

Ndikunena izi chifukwa ndimakukondani, ndipo sindifuna kuti mudzasainire pangano la ngongole kapena la malo musakumvetsa zimene zalembedwamo. Yambani lero. Mawu atatu patsiku akukwanirani, bola muwamvetse ndi kuwagwiritsa ntchito dzuwa lisanalowe.