Onse akufuna mkondo, chishango agwire ndani?

Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo amene anakonza World of Warcraft, masewera a pa intaneti amene kampani ya Blizzard inatulutsa mu 2004, akuoneka kuti ankadziwa zimenezi. M'menemo umaumba wankhondo wako, akafika pa level 10 n'kumusankhira ntchito. Tinene kuti wankhondo amene waumbayo ndi Paladin. Njira zake ndi zitatu: Protection, woima kutsogolo ndi chishango kuti mikwingwirima igwere iye, Holy, wochiritsa anzake ovulala, ndi Retribution, wokantha adani.

Ambiri amathamangira kukantha. Sindikuwadzudzula ayi. Wokantha, amene osewera amamutcha DPS, manambala ake amaoneka, pomwe healer, wochiritsa uja, akakupulumutsa suzindikira n'komwe kuti unatsala pang'ono kufa. Koma mu dungeon, phanga la zilombo, amalowa asanu: tank (wa chishango uja) mmodzi, healer mmodzi, okantha atatu. Ofuna malo atatuwo ndi khamu. Kuyambira mu 2009, pamene Dungeon Finder inayamba kusonkhanitsa osewera osadziwana, wokantha amadikira pamzere mpaka tiyi kuzizira, tank akangodina walowa. Zinafika poti mu 2011 Blizzard inayamba kupereka kathumba ka mphatso kwa wovomera ntchito imene ikusowa anthu. Ukaona ntchito akuchita kukunyengerera ndi mphatso, dziwa kuti ili ndi minga.

Walira mvula walira matope. Tank amalowa msanga, inde, koma ndiye wotsogolera. Ayenera kudziwa njira, kuyeza kuchuluka kwa zilombo zimene angaziputire nthawi imodzi, ndi kuzikwiyitsa kuti zilunjike kwa iye, zisiye healer. Gulu likafa, ena amaloza tank, ena healer. Wokantha amene anaima pamoto osasuntha ndiye amayamba kulalata. N'chifukwa chake ine ndimati funso lenileni si lakuti yamphamvu ndi iti. Zamphamvuzo Blizzard imazisintha kawirikawiri, wa pamwamba lero mawa ali pansi. Funso ndi mtima wako: kodi ungapirire kunyozedwa ndi anthu osawadziwa, mawa n'kubweranso? Kodi maso ako angakhale pa moyo wa anzako, chilombo chenichenicho osachiona bwino?

Kale kusintha maganizo kunali kodula. Unkalipira golide mmodzi wa m'masewerawo koyamba, mtengo n'kumakwera mpaka 50. Mu 2009 analola kukhala ndi ntchito ziwiri, pa golide 1,000. Masiku ano umasintha ulere, ndipo apa ndi pamene adzukulu athu amasokonezekera, makamaka osewera Druid, wankhondo amene ali ndi njira zinayi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Masewera amakusinthira ntchito m'kanthawi kochepa, koma zala zimakumbukirabe mabatani a dzulo, ndipo healer wa m'mawa womwe uno amapezeka akufunafuna batani lochiritsira tank atagwa kale.