Kodi Cituma Munthu Kugwira Nchito Yopanda Malipiro Nciani?

Abale, m'midzi yathu, kuyambira ku Namitete kufikira ku Nsaru ndi ku Kabudula, alipo amuna ndi akazi amene amasiya khasu m'munda napita kukasamala odwala, osalandirapo kanthu. Ena awaseka nati, Amenewo adzadya ciani? Tiyeni tsono tifunse bwino cimene ciwatuma, ndi mangawa amene tiri nao kwa iwo.

Coyamba ndico cibale. Makolo athu Acewa anadziwa kuthandizana. Munda ukakula, mwini wace amaitana dima, anthu nalima pamodzi, namwa thobwa kapena mowa. Maliro akagwa, adzukulu akumba manda, akazi nabwera ndi ufa ndi nkhuni. Palibe wolemba maina, koma yense adziwa amene anafika ndi amene anakhala kwace. Cifukwa cace akulu anati, Kupatsa nkuika.

Koma cibale ciri ndi malire ace. Wopita ku dima ayembekeza kuti mawa adzamlimira iyenso. Nanga iye amene sangathe kubweza? Mkamwini wofedwa mkazi, amene wadwala m'mudzi wa eni. Nkhalamba imene ana ace anapita ku Johannesburg. Wodwala amene abale amuopa: awa adzawatungira madzi ndani? Apa pafunika caciwiri, ndico cifundo cocokera mumtima, cimene sicifunsa kuti, Ndiwe wa mbumba ya yani?

Tiri naco citsanzo pafupi. Cipatala ca St Gabriel ku Namitete, cimene masisitere a Karmeli ocokera ku Luxembourg anacitsegula m'caka ca 1959, cinadalira anthu odzipereka a m'midzi pamene Edzi ndi cifuwa cacikulu zinacuruka. Iwo amazonda odwala m'nyumba zao, kuwakumbutsa mankhwala, ndi kuyenda mitunda yaitali pansi kapena panjinga kukanena ku cipatala. M'caka ca 2008 wophunzira wina wa ku America, Josh Nesbit, anadza ndi lamya za m'manja, ndipo odzipereka 75 anayamba kutumiza mau ku cipatala ali m'mudzi. Lamya inafupikitsa ulendo, koma mtima wakuyenda anali nao kale. Ndipo wodwala amawatsegulira citseko cifukwa anali anansi odziwika, amene anatunga naye pa citsime cimodzi. Cotero cifundo cinawatuma kupitirira pa abale ao, ndi cinansi cinawalowetsa m'nyumba.

Koma ticenjere, pakuti cinthu cabwino cikhoza kuipsidwa. Mau akuti thangata poyamba anatanthauza kuthandiza. Pambuyo pace eni minda yaikulu ya kumwera anawasandutsa nchito yokakamiza, yolipira nayo malo okhala; ndipo ici cinali cimodzi ca zowawa zimene zinautsa John Chilembwe m'caka ca 1915. Nchito yaufulu ikakhala yakuti munthu sangaikane, kapena ikasenzetsedwa pa mapewa a osauka okha okha, dzina latsala koma cinthu cace cafa. Mfumu, mkulu wa mpingo, kapena bungwe liri lonse lisati, Ameneyo ngwacifundo, timsenzetse zonse.

Nanga ife ticite ciani? Wodzipereka nayenso ali ndi ana, ndipo tsiku limene akhala pa mphasa ya wodwala, udzu ukula m'cimanga cace. Ambiri alema ndi kuleka, si cifukwa cifundo catha, koma cifukwa nkhokwe yapepuka ndipo m'nyumba mwalowa madandaulo. Ife amene sitingathe kusambitsa wodwala tikhoza kugwira khasu. Mvula ino, mudzi uli wonse ufunse kuti amene amayendera odwala athu ndani, nupite kukampalira munda wace. Njinga yace ikatyoka, tisonkhe ndi kuikonza. Potero mwambo wa makolo udzacirikiza cifundo, ndipo wopanda mbale adzapeza womtungira madzi.