Kuthokoza kwa M'bandakucha

Abale athu kuno ku Ulongwe, ku Domwe mpaka kumalire a Dedza,

Kunja kusanayere, m'makomo ena moto wayaka kale. M'chisanu chathu cha Juni, mayi akutenthetsa madzi osambitsira mwana wa zaka 7 amene satha kukhala tsonga payekha. Akatero amutsamiritsa pachifuwa, n'kumamudyetsa phala pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Anzawo akamafika kudimba la mbatatesi, iwo amakhala akuchapabe zofunda.

Nanga kuthokoza kungachokere pati? Kumachokera pa zinthu zimene ena saziona: tsiku limene mwana wagwira yekha supuni, usiku umene wagona osakomoka, agogo amene amuberekako kuti mayi apite kumsika.

Inu olera ana otere, musadziimbe mlandu. Ulumaliwu si ufiti, si tsoka la makolo. Kawirikawiri umabwera mwana akachedwa kupuma pobadwa, kapena malungo akafika ku ubongo. Mafizo a kuchipatala amathandiza kufewetsa ziwalo, ndipo matenda akugwa ali ndi mankhwala ake. Mu 2012 dziko la Mozambique linavomereza pangano la United Nations loteteza ufulu wa anthu aulumali, choncho mwana wanuyo ngoyenera sukulu monga anzake.

Kutopa si tchimo ayi. Munthu atha kulira usiku, m'mawa n'kuyamika Mulungu ndi mtima wonse.

Ife oyandikana ndi mabanja otere, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lero tikawatungireko madzi, ndipo popereka moni timutchule mwanayo dzina lake.