Kodi Wosayankha Ndiye Wopanda Nzeru?

M'midzi ya kwa Malemia, m'chigwa cha Domasi, mwana amayesedwa ndi pakamwa pake. Akaitanidwa avomere, akatumidwa abwereze uthenga. Tsono mwana amene satembenuka pomuitana, sayang'ana munthu m'maso, ndipo amalira mosatonthozeka amayi ake akangosintha njira ya kuchigayo, sachedwa kupatsidwa maina. Ena amati ngwamwano, ena amati adalodzedwa, ena mpaka amanong'onezana kuti makolo adamukhwimira. Komatu ena mwa ana otere ali ndi chimene madokotala amachitcha autism, chomwe Leo Kanner adachilongosola mu 1943 atapima ana 11 ku Baltimore.

Kodi n'chilungamo kuyesa nzeru za munthu ndi mawu okha? Mawu akangotuluka pakamwa amazimirira. Mwana wa autism amafuna nthaŵi kuti awasanthule, ndipo pamene akulimbana ndi oyamba, wamkulu amakhala atawonjeza kale ena asanu, mwinanso mokalipa. Chithunzi sichithaŵa. Mwana amachiyang'ana, n'kuchoka, n'kubwereranso, chili pomwepo. Temple Grandin, mphunzitsi wa zoŵeta pa yunivesite ina ku America, yemwe naye ali ndi autism, adafotokoza m'buku lake la Thinking in Pictures mu 1995 kuti iye amaganiza m'zithunzi.

Thandizoli silifuna chuma. Chikatoni cha sopo ndi khala n'zokwanira. Kholo lijambule beseni, mbale ya phala, sukulu ndi mphasa, motsatana monga mmene tsiku liyendere, n'kupachika pakhoma. Chikatha chimodzi, mwana achitembenuze yekha. Ngati maŵa kuli ulendo wa kuchipatala, chithunzi chake chiikidwe madzulo, pakuti chimene chimasautsa ana ambiri otere ndicho kudzidzimutsidwa. Amene salankhula n'komwe angathe kupereka chithunzi cha kapu akafuna madzi, njira imene Andy Bondy ndi Lori Frost adayamba kuphunzitsa ku Delaware mu 1985. Mwana amene wapeza popemphera madzi alibenso chifukwa chogubuduza ndowa.

Alipo otsutsa. Iwo amati mwana wozoloŵera kuloza adzachita ulesi kulankhula, ndipo kumuchitira zapadera n'kumulekerera. Nkhaŵa yawo njomveka, koma ofufuza sadapeze kuti zithunzi zimatseka pakamwa. Ana ena amayamba kutchula mawu ali chigwirire chithunzicho. N'zoona kuti zithunzi sizichotsa autism, ndiponso si mwana aliyense amene zimamuthandiza mofanana. Komabe kumumana chifukwa choti anzake sazifuna kuli ngati kulanda ndodo munthu wosaona poti ena akuyenda opanda ndodo.

Ndipotu akuluakulu nawo amadalira zooneka. Pa kathumba ka mankhwala pamakhala zithunzi za dzuŵa ndi mwezi zosonyeza nthaŵi yomwera. Pa 14 Juni 1993 Amalaŵi adasankha tsogolo la dziko lawo pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo palibe adatchedwa chitsiru chifukwa chovota poyang'ana chizindikiro.