Tikiti Yafa ndi Timu Imodzi: Mfundo Zofunika pa Nkhani ya Juga

Loweruka masana, mpira wa ku Mangalande ukatsala pang'ono kuyamba, pakhomo pa shopu yobetchera pamadzaza njinga za kabaza zitatsamira khoma. Eni ake ali mkati, maso ali pa mndandanda wa matimu, bolopeni ili kukhutu. Enafe sitifikako n'komwe, chifukwa shopuyo tili nayo m'thumba, ndipo ndalama imatuluka mu Airtel Money kapena mu Mpamba mwakachetechete, mwini wake ali mu minibasi, ku ofesi, ngakhale pa siwa. Makolo athu ankadziwa juga ya makhadi, yotchovera kuseri kwa msika mozemba apolisi. Ya lero ili ndi chiphaso cha boma, imalankhula pa wailesi, ndipo imatilonjera mwaulemu pa foni. Sindikulankhula ngati woweruza, abale anga. Nanenso ndinagwirapo tikiti, ndipo ndikudziwa mmene mtima umagundira mpira ukafika mphindi ya 89. Tiyeni tikhale pansi tilingalire limodzi.

1. Mwini juga sabetcha, amawerengera. Tiyerekeze kuti matimu awiri ndi ofanana mphamvu, ndipo imodzi iyenera kupambana basi. Ine ndaika K1,000 pa timu iyi, inu mwaika K1,000 pa inayo. Tikanabetcherana tokha pakhonde, wopambana akanatenga K2,000 yonse. Kampani siitero. M'malo mwa ma odds a 2.00 imapereka ngati 1.90, ndiye kuti yalandira K2,000, yabweza K1,900, ndipo K100 yatsala m'kabati mwake, kaya wachinya ndani. Pa gudumu la roulette ku kasino n'chimodzimodzi: manambala alipo 37, koma wolasa nambala amalipidwa ngati kuti alipo 36. Kakusiyana kameneka ndiko kamalipira lendi ya shopu, antchito, msonkho ndi zikwangwani zikuluzikulu za m'mbali mwa msewu. Si kuba ayi, ndi mmene malondawo anapangidwira, monga wa chigayo amatengera yake pa ndowa iliyonse. Kungoti wa chigayo amatibwezera ufa. Kodi tikaona munthu m'nyuzipepala atanyamula cheke chachikulu ngati chitseko, timadzifunsa kuti mamiliyoniwo achokera m'matumba a yani?

2. "Imodzi yokha" ndi nyambo. Pali mnyamata wa kabaza amene amandinyamula ndikamachokera kumsika. Lolemba lina, tisananyamuke, anasolola m'thumba la shati kapepala katalitali, kofewa ndi thukuta, n'kukayala pa chishalo. Matimu 14. Anali atachonga 13 ndi bolopeni yofiira. "Madala, taonani," anatero, chala chili pa mzere wotsalawo. "Imodzi yokha! Anawachinya nthawi yowonjezera. Bwenzi pano ndili ndi njinga yamoto." Nkhope yake sinali ya munthu wodyedwa. Inali ya munthu amene wafika pakhomo penipeni pa chuma n'kupeza mwini nyumba wangotuluka kumene, ndipo sindinakayike kuti Loweruka lotsatira akagogodanso.

Tiyeni timuthandize kuwerenga. Tinene kuti ndife akatswiri, ndipo pa masewero 10 aliwonse timalosera bwino 7. Tikamanga masewero 10 pa tikiti imodzi, mwayi woti onse alowe ndi pafupifupi 3 pa 100 basi. Mwayi woti tikitiyo ife ndi timu imodzi ndi 12 pa 100, kuwirikiza kanayi. Choncho kufa kwa tikiti ndi timu imodzi si tsoka lachilendo, si ufiti, si chizindikiro choti tayandikira; ndiwo moyo wa tsiku ndi tsiku wa tikiti yaitali. Komanso K100 ija ya m'kabati imadulidwa pa sewero lililonse, moti pa tikiti ya matimu 10 gawo la kampani limafika pafupifupi K400 pa K1,000. N'chifukwa chake amatiwonjezera kabonasi tikamatalikitsa tikiti. Msodzi saumira nyongolotsi.

3. Mwayi ulibe ngongole ndi munthu. Pa 18 Ogasiti 1913, ku kasino ya ku Monte Carlo, kampira ka roulette kanagwera pa mtundu wakuda maulendo 26 motsatizana. Anthu anaunjikira ndalama pa wofiira, ati tsopano wakhwima, sungalephere kubwera, ndipo anataya chuma chambirimbiri usiku umodzi. Kampira sikakumbukira kumene kanagwera mphindi yapitayo. Ifenso timatero: ndadyedwa masabata asanu, lachisanu ndi chimodzi ndi langa. Analonjeza ndani? Ndipo amene timadzitama kuti mpira timaudziwa, tikumbukire kuti Saudi Arabia inagonjetsa Argentina ya Lionel Messi 2-1 ku Qatar mu 2022, ndiponso kuti Leicester City inatenga ligi ya ku Mangalande mu 2016, makampani obetchera ataiika pa 5,000 kwa 1. Zimene timadziwa za timu, kampani inazidziwa kale ndipo inaziika mu ma odds. Zimene kampani sikudziwa, nafenso sitikuzidziwa.

4. Liwiro la sewero ndilo liwiro la kugwa. Tikiti ya mpira imadikira mphindi 90, nthawi zina mpaka Lamlungu madzulo, ndipo munthu amapeza mpata wodya, wogona ndi woganiza. Kandege kobetchera ka pa foni sikadikira. Kamanyamuka, nambala imakwera, chala chimanjenjemera pa batani, kenaka kandege kaja kazimiririka ndi ndalama, kena kanyamuka kale. Mu ola limodzi munthu angabetche kambirimbiri asanadzuke pa mphasa. Katswiri wina wa ku America, B. F. Skinner, anaonetsa ndi nkhunda kuti nyama ikamalandira chakudya mosayembekezereka, apa yapeza, apa yasowa, imajompha osaleka kuposa imene imadziwa nthawi yake yolandirira. Juga yachangu imagwira pomwepo. Si kuti ndife opusa. Mitu yathu inalengedwa yokonda mphoto yobwera modzidzimutsa. Podziwa zimenezi, kodi n'kwanzeru kulowa m'bulangete ndi foni yodzaza malipiro a mwezi, usiku, tili tokha, mwinanso titalawa kamowa?

5. Ndalama yobetchera ndi ya chisangalalo, si mpamba. Munthu akalipira pageti la Kamuzu Stadium kukaonera Bullets ndi Wanderers, sayembekezera kuti potuluka amubwezera ndalama yake. Wagula chisangalalo cha masana amenewo, nkhani yatha. Amene wasankha kubetcha aione ndalama yake chomwecho: yapita isanaikidwe n'komwe. Ikabwerako ndi mphatso, ikapanda kubwera palibe amene wagona ndi njala. Malire tiziika mutu uli wozizira, mpira usanayambe: ndalama yakuti pa sabata, nthawi yakuti, ikatha yatha. Ya lendi, ya fizi, ya feteleza, ya mankhwala, ya mpamba wa geni, ya chopereka, ya banki m'khonde, zonsezi zili ndi eni ake kale, ngakhale zili mu foni yathu. Ndipo tisanyengeke ndi kuchepa kwake. K1,000 pa tsiku sioneka, koma chaka chikamatha yakwana K365,000. Ndikupempha kanthu kamodzi kakang'ono: titenge kope, tilembe mwezi umodzi wokha, kumanzere zimene taika, kumanja zimene tatapa. Mtima umasunga tsiku limene tinadya K80,000 ndipo umalifotokoza pa bawo chaka chathunthu, koma masiku a K2,000, K2,000 amene anapita mwakachetechete umawakwirira. Kope silikwirira.

6. Kuthamangitsa yodyedwa ndiko kukumba dzenje. Apa ndi pamene masewera amasandukira chinthu china, ndipo ndikufuna tichedwepo. Munthu wadyedwa K5,000. M'malo modzuka, mumtima mumabwera kamawu kofatsa: ingoibweza yokhayo, ukatero usiye. Waika K10,000. Yapita. Tsopano sakufunanso njinga yamoto, sakufunanso nyumba ya malata. Akungofuna kubwerera pamene anali m'mawa. Kuti abwerere msanga ayenera kuika yambiri, ndipo yambiriyo ilibe kwina kochokera koma ku ndalama ya eni. Amayamba ndi yogulira ndiwo, amabwereka kwa mnzake wa kuntchito, amapinyolitsa foni ya mkazi wake, kenaka amagogoda kwa wa katapila, amene chiwongoladzanja chake sichidikira kuti Arsenal iwine. Wogwira ndalama za gulu, kaya ndi msungichuma wa kwaya kaya wosunga ya chipereganyu, amadziuza kuti sakuba, wangobwereka mpaka Loweruka. Taonani mmene zatembenukira: juga imene yabweretsa ngongole yayamba kuoneka ngati njira yokhayo yobwezera ngongoleyo. Madzi akatayika sawoleka, anatero akuluakulu. Kuvomera kuti K5,000 yapita n'kowawa, koma ndi ululu wa tsiku limodzi, ndipo wauvomera amakhala kuti wagula ufulu wake motchipa.

7. Chimene tayamba kubisa chayamba kutilamula. Vuto la juga lilibe fungo ngati la kachasu, ndipo munthu sadzandira nalo panjira. Amavala bwino, amafika kuntchito, amatsogolera nyimbo Lamlungu. Choncho tidzifunse tokha, moona mtima, popanda wina womvetsera. Kodi ndalama imene inkandisangalatsa chaka chatha ikundikwanirabe, kapena ndikufunika kuika yochuluka kuti mtima ugunde? Kodi ndinalumbirapo kuti ndasiya, n'kubwereranso sabata isanathe? Kodi ndikapanda kubetcha ndimakhala wolusa, tulo osabwera, ana akandiyankhula ndimawakalipira? Kodi ndimathawira ku foni ndikakhumudwa kapena tikayambana kunyumba? Kodi ndimafufuta mauthenga a ndalama kuti akunyumba asaone? Kodi akandifunsa kuti, "Bambo, ya feteleza ija ili kuti?" ndimayankha kuti kuntchito achedwetsa malipiro, pamene ndinalandira kale? Funso lomalizali ndilo lolemera kuposa onse. Ndalama ikatayika imapezekanso, koma pakhomo pamene mawu a bambo kapena a mayi ayamba kukayikitsa pamatenga zaka kuti pakhalenso bwino. Tikayankha inde pa awiri kapena atatu mwa mafunsowa, tisadikire kuti atiuze ndi wa katapila.

8. Ana akuonerera. Malamulo a dziko lino, amene bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority limayang'anira, salola munthu wosakwana zaka 18 kubetcha. Koma lamulo sililowa m'nyumba mwathu. Tikamatuma mwana kukatidulira tikiti, kapena tikamubwereka foni yolembetsedwa m'dzina lathu, tamutsegulira tokha chitseko chimene boma linatseka.

9. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaika vuto la juga m'gulu la matenda a chizolowezi, moyandikana ndi uchidakwa ndi mankhwala ozunguza bongo. Zimenezi sizichotsa udindo wa munthu pa zimene wachita, koma zikutiuza kuti kumukalipira kokha sikuchiza, ndiponso kuti thandizo lilipo. Poyambira ndi pakamwa: kuuza munthu mmodzi zoona zonse, ngongole yonse ndi nambala yake yeniyeni, osati theka. Akhale mkazi, mwamuna, ankhoswe, abusa, shehe kapena mnzathu wapamtima. Kenaka timange mipanda pamene mtima uli wofooka: malipiro azifikira m'manja mwa wina kwa kanthawi, akaunti yobetchera itsekedwe, mpira tizionera kunyumba osati pafupi ndi shopu, njira yochokera kuntchito isinthe. Aphungu a maganizo alipo m'zipatala, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ogwidwa ndi zizolowezi zovuta kusiya. Ngati ngongole yafika pomuganizitsa munthu zodzipha, imeneyo ndi ngozi ya lero lomwe, osati ya mawa: tisamusiye yekha, tipite naye kuchipatala. Ndipo ife achibale tisathamangire kumubwezera ngongole mobisa, chifukwa tikamufafanizira lero popanda kusintha kalikonse, tamupatsa mpamba wa Loweruka likudzali.

Kusiya n'kotheka. Fyodor Dostoevsky, mlembi wotchuka wa ku Russia, anagwidwa ndi roulette pafupifupi zaka 10. Mu 1867, ali ku Baden-Baden ku Germany, anafika popinyolitsa ndolo ndi zovala za mkazi wake Anna, yemwe anali woyembekezera. Ankalumbira, kubwerera, kulira, kulumbiranso. Mu 1871, atadyedwanso ku Wiesbaden, analembera mkaziyo kalata yomuuza kuti basi, ndipo ulendo uno sanabwererenso mpaka imfa yake mu 1881. Anna ndiye ankagwira ndalama za pakhomo ndi kukambirana ndi angongole, ndipo ena mwa mabuku ake aakulu anawalemba m'zaka 10 zomalizazo.

Mnyamata wa kabaza uja ndinamuuza za kope. Anaseka, ati, "Madala, mukufuna ndidwale BP?" Patapita masabata atatu anandionetsa kuseri kwa katoni ya sopo komwe ankalemba. Kumanzere kunadzaza mpaka pansi, kumanja kunali mizere iwiri. Sananene kuti wasiya, ndipo sindinamufunse. Anangondifunsa ngati gulu la banki m'khonde la amayi a kwathu limalandira amuna.