Pamene Woyamba Wakhala Chete

Aliyense amene anaimapo pa mzere wa ejenti wa Airtel Money kapena wa Mpamba, kaya pa msika wa Kawale, kaya ku Chinsapo kapena ku Mgona, nauzidwa kuti, "Pepani bambo, netiweki yavuta," anakomana ndi funso lakale la mtima wa munthu, lakuti: pamene iye amene timdalira sayankha, tidikire kufikira liti, ndipo tikatopa titembenukire kwa yani?

Akatswiri a makompyuta analiyankha mwa njira yawo. M'makampani aakulu, kompyuta ya kalaliki isanaloledwe kulowa m'nkhokwe ya deta, imayamba yafunsa kwa seva yosunga kaundula wa maina, kuti iuzidwe kumene kuli nkhokweyo ndi kuti wogogodayo ndi wodziwika. Ndipo njira yofunsira imeneyi, yotchedwa LDAP, inabadwira ku University of Michigan cha m'ma 1993. Popeza mutu umodzi susenza denga, ndipo magetsi amazima, zingwe zimaduka, iwo amaika maseva awiri kapena atatu osunga kaundula yemweyo. Ogwiritsa ntchito mapulogalamu a kampani ya Oracle amalemba maina a masevawo motsatana m'kafayilo kotchedwa ldap.ora, kuti yoyamba ikalephera, kompyuta ikagogode kwa yachiwiri.

Koma seva yofa siivutitsa kwenikweni, pakuti khomo lake limakana pomwepo ndipo wofunsa amapitirira. Yosautsa ndi ija yamoyo imene yalandira funso koma yangoti duu. Pamenepo pafunika kuika malire a masekondi odikira, ndipo akachepa mumasiya seva yabwino imene inangochedwa, akachuluka anthu onse amauma pa mzere.

Malembo Oyera amaudziwa bwino msampha umenewu. Pa Eksodo 32 ana a Israyeli, poona kuti Mose wachedwa m'phiri, anadzipangira mwana wa ng'ombe wagolide. Sauli anadikira Samueli masiku 7 ku Giligala, napereka yekha nsembe mneneriyo ali pafupi kufika. Ndipo Sauli yemweyo, Yehova atakhala chete, anapita usiku kwa wobwebweta wa ku Endori. Onsewa anatsutsidwa, pamene katswiri wotembenukira ku seva yachiwiri timamtama kuti ndi wanzeru. Kusiyana kwake, monga ndionera ine, n'kwakuti seva yachiwiriyo si mbuye wina ayi. Ilibe choonadi chakechake, koma imasunga chokhacho chimene inakopera kwa inzake. Ndipo ikatsalira m'mbuyo pa kukoperako, idzatsegulira munthu wochotsedwa kale ntchito, nitsekera wolembedwa dzulo, kotero kuti kuyankha kwake kofulumira kuipa koposa kukhala chete kwa yoyamba ija.

Sindingathe kumdzudzula mayi wa ku Biwi amene mwana wake wadwala miyezi, mapemphero osaoneka kupindula, nayamba kuwerenga zikwangwani za asing'anga ndi aneneri zokhomedwa pa mitengo ya m'mbali mwa msewu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chimene chindiwawa n'chakuti ambiri mwa olonjeza yankho la msangawo amawerenga kaundula wina, mmene mwalembedwa kuti mdani wa mwanayo ndi apongozi kapena gogo wa pa nyumba yoyandikana.

Mlandu waukulu uli pa ife a mpingo, ngati wogogoda apeza khomo limodzi lokha. Ambuye Patrick Kalilombe, ali episkopi wa Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, analimbikitsa miphakati, kuti pamene wansembe ali kutali akhristu a m'dera athe kupemphera, kuyendera odwala ndi kuika maliro m'chikhulupiriro chomwecho. Ndipo amayi a Chigwirizano a Sinodi ya Nkhoma amafika pa nyumba ya wodwala ku Area 23 kapena ku Area 25 abusa asanamve n'komwe za matendawo.