Kodi Nkoyenera Kuchula Imfa m'Nthano za Ana?

Mwa zithunzi zoyenda zimene ana amaonerera pa kanema, chomveka kwambiri ndicho The Lion King, chimene a Walt Disney anatulutsa ku America m'chaka cha 1994. Ndi nthano ya mwana wa mkango, dzina lache Simba. Atate ache Mufasa aphedwa ndi mbale wao Scar, amene awaponya kuphompho pakati pa nyumbu zothamanga.

Makolo ena amadandaula nati: bwanji kuonetsa ana maliro? Funsoli nlolemera, makamaka kwa Nazombe ndi m'boma lonse la Phalombe, kumene madzi ochokera m'phiri la Michesi anakokolola midzi mu 1991, ndipo namondwe Freddy anabwerezanso zomwezo mu Marichi 2023. Ana a kumeneko imfa aidziwa kale. Chimene asowa ndi munthu woyankhula nao za iyo.

Pamenepa ojambula aja anachita mwanzeru. Sanathamangire kutonthoza. Analola kamwanako kayandikire mtembo wa atate ache, kaugwedeze, kaitane thandizo popanda woyankha, kenaka kagone pansi pa mkono wozizirawo. Palibe wina aima pambali kumasulira tanthauzo lache. Aphunzitsi ambiri a katekisimu, pofotokoza za Yosefe wogulitsidwa ndi abale ache, amalumpha dzenje lija msanga kuti afike ku ulemerero wa ku Ejipito. Motero mwana wamasiye amene akali m'dzenje lache sapezamo malo m'nkhaniyo.

Koma choopsa koposa m'nthanoyi ndi bodza la Scar, pouza mwanayo kuti iye ndiye wachititsa imfa ya atate ache. Simba akhulupirira, nathawa, nakula ali kubisa mlandu umene suli wache. Ana ofedwa amatero ndithu: wina amaganiza kuti mai ache anapita ndi madzi chifukwa iye anachedwa kudzuka usiku uja, ndipo sauza munthu. Akulu akamakhala chete, mwana amayesa kuti chete ameneyo ndi chiweruzo.

Pali chimodzi chosakoma: afisi onse ajambulidwa oipa chibadwire, monga achitira agogo pa nthano za madzulo, ngati kuti mtundu wathunthu ungabadwe wopanda chabwino. Mphunzitsi wochenjera adzakonza zimenezo. Koma za imfa asakonze kanthu. Aisimbe pang'onopang'ono, ndipo akafika pa bodza la Scar aime, afunse anawo kuti anapha Mufasa ndani, nadikire kufikira ngakhale wakhala kumbuyo uja atayankha.